Pamlatho Palibe Kothawira

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Ino ndi pulogalamu yathu ya chitetezo cha pamsewu. Lero tikamba za mlatho, makamaka za munthu amene amawoloka mlatho ndi miyendo yake: mayi wosenza dengu la usipa, mwana wa sitandade 2, gogo wopita kuchipatala. Chitsanzo chathu ndi mlatho wa Bakili Muluzi, umene uli pa mtsinje wa Shire ku Mangochi, m'dera la Mfumu Mponda. Koma inu a ku Liwonde, a ku Chikwawa, a ku Nkhotakota, musatseke wailesi. Ngati mudzi wanu uli pafupi ndi mlatho wodutsa galimoto, nkhaniyi ndi yanunso.

Mfundo yathu ndi imodzi. Kulangiza oyenda pansi kuti azisamala n'kwabwino, koma pamlatho malangizo okha sakwanira. Pamafunika zinthu ziwiri zooneka ndi maso: galimoto zichepetse liwiro, ndipo woyenda pansi akhale ndi malo akeake. Zinthu ziwirizi eni mudzi ali ndi ufulu wozipempha, ndipo tikuuzani kumene mungakazipemphe.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tiyambe ndi malowo. Pamene pali mlathowu ndi pamene Shire wangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi, asanalowe m'nyanja ya Malombe. Anthu anayamba kuwolokera pano kalekale, galimoto isanabwere m'dziko muno. Amalonda a minyanga ankadutsa pano popita kugombe la nyanja yamchere, ndipo m'masiku oipa aja ankadutsanso ndi akapolo. Mu Seputembala 1866, David Livingstone anafika m'dera lomweli n'kucheza ndi Mfumu Mponda. Mu 1891, Harry Johnston anamanga linga kutsidya kwa mtsinje moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, limene linatchedwa Fort Johnston. Patapita zaka zochepa linga lija linasamukira tsidya lino la kumadzulo, kumene lero timati ku Mangochi boma.

Mbiri imeneyi ikuonekabe pafupi ndi mlatho. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901. Pali mfuti yaikulu ya sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yathu yomweyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Alendo amaima pamenepa kuti ajambule zithunzi, ana asukulu amabwera ndi aphunzitsi awo, ndipo onsewa amayenda pansi.

Mlatho umene ulipo lero unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndi wautali mamita oposa 200. Pamwamba pake pamadutsa msewu wa M3, wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde, wopita ku Namwera mpaka ku Chiponde, m'malire ndi Mozambique. Anthu a ku Malindi ndi a ku Makanjira nawonso amadzera pomwepa akamabwera kumsika, kubanki kapena kuchipatala chachikulu cha boma. Choncho pamalo amodzi pakumana thiraki yopita kunja kwa dziko, minibasi, kabaza wa njinga yamoto, kabaza wakapalasa, ndi mwana wonyamula makope.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mlatho unabweretsa malonda ndi maulendo achangu. Unabweretsanso liwiro pakati pa mudzi. Pa nthawi ya mabwato, mwini bwato ndiye ankanena kuti akwere ndani, ndipo onse ankawoloka pa liwiro limodzi. Lero wina akuwoloka pa makilomita 4 pa ola, wina pa 60, panjira imodzi yomweyo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Nanga mlatho umasiyana bwanji ndi msewu wamba? Mukamayenda m'mbali mwa msewu kumudzi, galimoto ikakuyandikirani mumadumphira m'tchire kapena m'munda wa chimanga. Pamlatho, dzanja ili kuli galimoto, dzanja ili kuli zitsulo, ndipo kuseri kwa zitsulozo kuli madzi a Shire, ndi ng'ona zake ndi mvuu zake. Dalaivala nayenso alibe kokhotera. Akaona munthu mochedwa, chimene chamutsalira ndi mabuleki basi.

Chachiwiri ndi nthawi. Munthu wamkulu wathanzi amatenga pafupifupi mphindi zitatu kuti awoloke mamita 200. Gogo wa ndodo, kapena mayi wobereka mwana kumbuyo wina ali kudzanja, amatenga yoposa pamenepo. Nthawi yonseyo ali pamalo opanda kothawira.

Chachitatu, chimene ambiri sitichiganizira, ndi kumapeto kwa mlatho. Milatho yambiri yamakono imakhala ndi kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwake. Koma kanjirako nthawi zambiri kamathera pamene pathera mlatho, ndipo munthu amatsikira pa tala. Pomwepo mpamene mavenda amakonda kuyala malonda, pomwepo mpamene minibasi zimaima n'kumaitanira, pomwepo mpamene pamakhala siteji ya kabaza. Thiraki ikaima pamenepo, mwana wofuna kudumpha msewu saona zimene zikubwera, ndipo dalaivala amene akubwera samuona mwanayo. Amene akufuna kukonza chitetezo cha pamlatho ayang'ane kaye mamita 100 kapena 200 a tsidya lililonse.

Tsopano tikambe za liwiro, ndipo ndikupempha madalaivala ndi a kabaza kuti mutchere khutu. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 pa sekondi imodzi. Yothamanga 50 imayenda mamita 14. Dalaivala watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona choopsa kufika pamene phazi laponda buleki. Pa tala wouma, wa 30 uja amakhala ataimiratu pa mamita pafupifupi 13. Wa 50 uja, pa mamita 13 omwewo, phazi lake lisanafike n'komwe pa buleki. Ndiye kuti mwana amene wapulumuka kwa dalaivala woyamba, wachiwiriyu amugunda ndi liwiro lake lonse. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Kukagwa mvula, kapena thiraki ikakhala yodzaza, mtundawo umakula kuposa apa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo mwa anthu asanu alionse, mmodzi amakhala woyenda pansi. Bungwe lomwelo limati liwiro likakwera kuchoka pa 50 kufika pa 65, chiopsezo choti woyenda pansi wogundidwa amwalire chimawirikiza kanayi ndi theka. N'chifukwa chake msonkhano wa maiko umene unachitikira ku Stockholm mu 2020 unagwirizana kuti pamalo pamene galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi, liwiro lisapitirire 30.

Mwina a dalaivala mukuti, aaa, 30 n'kutaya nthawi. Tiyeni tiwerenge limodzi. Mamita 200 pa liwiro la 60 mumawadutsa m'masekondi 12. Pa liwiro la 30, masekondi 24. Mwataya masekondi 12 okha, ocheperapo kuposa amene mumatha podikira kondakitala kuti abweze chenji.

(NYIMBO: MPHINDI IMODZI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za chitetezo cha oyenda pansi pa mlatho, ndipo chitsanzo chathu ndi mlatho wa pa Shire ku Mangochi. Tsopano tione zimene zingachitike. Tiyambira zotsika mtengo, timalizira zodula.

Choyamba sichifuna ngakhale kontirakitala: kusamalira zimene zilipo kale. Mchenga ndi zinyalala zikaunjikana pa kanjira ka oyenda pansi, kapena timabowo totulutsira madzi tikatsekeka n'kupanga zithaphwi, anthu amatsikira m'msewu pofuna kupewa matope. Kusesa ndi kutsegula timabowoto mvula isanayambe kumabwezera anthu pamalo awo. Udzu ndi nthambi zobisa zikwangwani zidulidwe. Zitsulo za m'mbali zikathyoka kapena kubedwa, zibwezeretsedwe msanga, chifukwa mpata umene munthu wamkulu amangoudutsa, mwana wa zaka zinayi amakwanamo. Ndipo tinene mosabisa: wogula zitsulo za pamlatho kuti apangire mbaula kapena mafelemu a mawindo nayenso ali ndi mlandu.

Chachiwiri ndi kukonza kumapeto kwa mlatho. Siteji ya kabaza, poima minibasi ndi malonda zisunthidwe pang'ono kuti pakamwa pa mlatho pazioneka bwino. Apa pamafunika nzeru. Venda ali pamenepo chifukwa mpamene pali makasitomala, ndipo mukangomuthamangitsa, sabata yamawa abweranso. Khonsolo, mafumu ndi makomiti a mavenda ndi a kabaza akhale pansi, apeze malo ena apafupi pamene anthu amadutsabe. Kenako kanjira ka oyenda pansi kapitirizidwe kuchoka pamlatho kukafika kumsika, kusukulu, kumzikiti ndi kutchalitchi, kokwezeka pang'ono, kokhala ndi timizati ta simenti toletsa galimoto kukwerapo.

Chachitatu ndi kukakamiza liwiro kutsika. Chikwangwani cholembedwa 30 chimapempha, hampu imalamula. Mahampu omangidwa bwino, opakidwa utoto wooneka, ndi timizere togwedeza galimoto tochenjeza dalaivala asanafike, amaikidwa pa msewu wolowera ku mlatho tsidya lililonse. Pamlatho penipeni mainjiniya kawirikawiri samaikapo mahampu, chifukwa thiraki yolemera ikamadumpha imagwedeza mlathowo. Malo odumphira msewu nawonso akhoza kukwezedwa kuti akhale ngati hampu yaikulu yafulati, yokhala ndi mizere yoyera pamwamba. Koma aikidwe pamene anthu amadumphira kale. Mukawaika patali, anthu sadzawagwiritsa ntchito. Chenjezo kwa achinyamata: musamange hampu yanuyanu ya dothi kapena kukumba msewu usiku. Hampu yosaoneka imagwetsa wa njinga yamoto ndi pasinjala wake, ndipo ndi mlandu.

Kodi zinthu zazing'onozi zimagwiradi ntchito? Ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, bungwe la Amend linaika mahampu, tinjira ta oyenda pansi, timizati ndi zikwangwani mozungulira sukulu zapulayimale. Atafufuza, anapeza kuti ana ovulala pamsewu m'sukulu zimenezo anachepa ndi 26 pa 100 alionse. Sanamange msewu watsopano. Anangokonza pamene ana amadutsa.

Chachinayi ndi kuwala. Ku Mangochi anthu amadzuka usiku: asodzi, amayi okagula nsomba kudoko, opita ku swala ya m'bandakucha. M'mwezi wa Ramadani, misewu imadzaza dzuwa likangolowa. Munthu wovala zakuda, dalaivala amamuona ali kale pafupi. Magetsi oyendera dzuwa pamlatho ndi kumapeto kwake amathandiza kwambiri, bola mabatire ake atetezedwe ndipo pakhale wodziwika amene adzawakonze akazima.

Chachisanu, chodula kwambiri, ndi kusintha mlatho weniweniwo: kumangirira kanjira ka oyenda pansi kunja kwa zitsulo, kapena kumanga kamlatho kena pambali ka anthu ndi njinga. Izi n'zofunika kwambiri pa milatho yakale yopapatiza, yodutsa galimoto imodzi, ngati imene apaulendo a pa msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja amaidziwa. Pamilatho yotere, njira ina ndi maloboti, kuti galimoto zizidutsa mosinthana, mpata wotsalawo n'kupatsa oyenda pansi.

Pali mudzi wina wakale ku England wotchedwa Pooley Bridge. Mlatho wake wamiyala, womangidwa mu 1764, unakokoloka ndi madzi osefukira mu Disembala 2015. Pomanga watsopano, akuluakulu anafunsa kaye eni mudzi. Mlatho umene unatsegulidwa mu 2020 uli ndi njira imodzi yokha ya galimoto, ndi tinjira ta oyenda pansi mbali zonse ziwiri. Anali ndi mwayi womanga msewu waukulu, koma malowo anagawira anthu oyenda pansi, ndipo mudzi sunasanduke mpita wa galimoto zothamanga.

Phunziro lake likukhudza Mangochi. Nsanja ya wotchi ija ndi chipilala chotetezedwa ndi lamulo, ndipo ntchito iliyonse pafupi nayo imafuna kuti a nthambi yoona za zinthu zakale afunsidwe. Ena amaona ngati kusunga mbiri kumatchinga chitukuko. Koma taonani: galimoto zikamayenda pang'onopang'ono, ngozi yogunda chipilala imachepa, mlendo amaima mosaopa n'kugula chakudya, ndipo mphunzitsi amabwera ndi kalasi yake mtima uli m'malo. Chimene chateteza mwana chatetezanso nsanja.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ndiye tikapemphe kwa yani? Misewu ikuluikulu yokhala ndi chilembo cha M, pamodzi ndi milatho yake, ili m'manja mwa Roads Authority. Ndalama zokonzera misewu zimasungidwa ndi Roads Fund Administration, ndipo zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto ndi pa mageti olipiritsa monga a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Za malamulo a pamsewu ndi kuphunzitsa anthu zili ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services pamodzi ndi apolisi apamsewu. Za misika ndi masiteji zili ndi khonsolo. Njira ya mudzi ndi yodziwika: nkhani iyambire kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya VDC, ipite ku komiti ya dera ya ADC, kenako kukhonsolo kudzera kwa khansala. Aphungu nawonso auzidwe. Zinthu ngati magetsi ndi tinjira zikhoza kupemphedwa ku thumba la chitukuko la CDF.

Koma musapite chimanjamanja. Kalata yongoti pamlatho pathu m'poopsa imakathera m'kabati. Pitani ndi umboni. Sankhani masiku atatu: tsiku la sukulu, tsiku la msika, ndi Lachisanu kapena Lamulungu pamene anthu akuchokera kopemphera. Anthu awiri aime tsidya lililonse, pamalo otetezeka, ndi kope ndi bolopeni. Awerenge kwa ola limodzi m'mawa ndi ola limodzi madzulo: oyenda pansi angati, mwa iwo ana angati, njinga zingati, mathiraki angati. Alembe pamene anthu amadumphira msewu, ndi pamene amakakamizika kutsikira pa tala. Liwiro nalonso mukhoza kuliyeza ndi wotchi ya pafoni: galimoto ikadutsa mamita 100 m'masekondi ochepera 12, yapitirira 30. Jambulani zithunzi za zitsulo zothyoka. Lembaninso ngozi zimene zinatsala pang'ono kuchitika, chifukwa zimenezo sizifika m'mabuku a apolisi, koma ndi zimene zimaonetsa pamene ngozi yeniyeni idzachitikire. Aphunzitsi a masamu, nayi ntchito yabwino ya ana a fomu 2.

Kalatayo ipemphe zinthu zotchulika, pamalo otchulika: hampu apa, magetsi apa, siteji isunthire apo. Isayinidwe ndi amfumu, ahedi, ashehe, abusa, ndi wapampando wa kabaza. Sungani kope lanu, lembani tsiku limene mwapereka, ndipo pa msonkhano wotsatira wa ADC mufunse kuti yafika pati.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Podikira zonsezo, anthu akuwolokabe lero ndi mawa. Nazi zoyenera kuchita.

Oyenda pansi, pamene pali kanjira kanu, yendani momwemo. Pamene palibe, kumbukirani kuti kuno galimoto zimayenda kumanzere, choncho inu yendani kudzanja lamanja, moyang'anana ndi galimoto zimene zikubwera. Yendani mondondozana, osati mwabwalo. Sankhani mbali musanakwere mlatho, ndipo musadumphe msewu muli pakati pake. Mwana mumugwire pamkono, ndipo akhale mbali ya kuzitsulo, inu mbali ya kumsewu. Pamlatho wopapatiza, mukaona thiraki ikubwera, dikirani idutse musanalowe. Usiku valani choyera kapena yatsani tochi ya pafoni, ndipo zomvera nyimbo zichoke m'makutu.

A kabaza, musakweze kapena kutsitsa munthu pamlatho, ndipo kanjira ka oyenda pansi si kanu. Mukanyamula matumba a makala kapena mitolo ya nzimbe yopingasa, tsikani muzikankha. Madalaivala, pamlatho sapitirirana. Hutala si buleki: mwana akadzidzimuka amathamangira kulikonse. Mukakumana ndi gulu, kaya ndi maliro, ukwati, kapena anamwali akutuluka ku jando ndi nsondo, imani adutse. Okonza miyambo imeneyi, dziwitsani apolisi nthawi ilipo, ndipo ikani akuluakulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa gulu.

Makolo ndi makomiti a sukulu, gawanani masiku operekeza ana aang'ono pamlatho m'mawa ndi poweruka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Omvera athu, ntchito ya sabata ino nayi. Pitani pa mlatho wa kwanu ndi anzanu awiri, muuwoloke wapansi mbali zonse ziwiri, kamodzi masana, kamodzi kutada. Lembani zinthu zitatu zimene zikufunika kukonzedwa, muyambe ndi chotsika mtengo, ndipo mukazipereke kwa amfumu anu msonkhano wa VDC usanachitike. Mutilembere kuno ku wailesi zimene mwapeza, kuti midzi ina iphunzirepo.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Tikumanenso sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi. Yendani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU)